Makalata atatu, mnyamata mmodzi ndi achemwali olipira fizi: lipoti la nkhani

Ndikulembera anzanga amene timalangiza ana a sekondale, makamaka inu amene ana a chaka chomaliza amakudzadzirani mu ofesi nthawi ya mafomu ikakwana. Mayina sinditchula, la mwana, la banja ngakhale la makoleji, ndipo tina ndi tina ndasintha kuti asadziwike, eni ake anavomera kuti ndilembe. Ndasankha nkhani iyiyi chifukwa poyamba sinkaoneka ngati nkhani nkomwe, mwanayo fomu yake inali yodzaza bwinobwino, sankavuta, sankajomba, ndipo ana otere ndi amene timawadumpha kawirikawiri pothamangira amene akulira.

Mmene zinalili

Mnyamata wa zaka 17, womaliza m'banja la ana anayi. Bambo anamwalira iye ali ku pulayimale. Amayi alipo koma alibe ntchito yolembedwa, nde fizi yonse ya sekondale, mabuku, yunifomu, zonse ankalipira ndi achemwali ake oyamba kubadwa amene amagwira ntchito ya akauntingi pa kampani ina. M'kalasi ankakhoza, masamu ndi fizikisi pamwamba, zinazo pakatikati. Wofatsa, waulemu, mtundu wa mwana amene ukamufunsa kuti zikuyenda bwanji amangoti zili bwino madamu nkumwetulira.

Chizindikiro choyamba chinali kapepala. Teremu yomaliza timawapatsa ana kapepala koti alembe kozi imene akufuna ndi chifukwa chake. Iye pa kozi analemba kuti akauntingi, pa chifukwa analemba kuti "achemwali akudziwa". Amene anabwera nako kwa ine ndi aphunzitsi a fizikisi, akuti taonani izi madamu, mwana uyu anzake akaweruka amatsala mu labu kumatikonzera mawaya ndi mamita amene tinawataya kalekale, lero akuti akauntingi, ndipo chifukwa chake sichake.

Zimene ndinapeza pocheza naye

Funso loti ukufuna udzakhale ndani sindimayamba nalo, ana analoweza kale yankho lake, amakuyankha ngati akulakatula ndakatulo. Ndinamufunsa kuti ndi chiyani chimene unachitapo mpaka dzuwa kulowa iwe osazindikira. Anakhala kaye chete, kenako anatulutsa foni nkundionetsa chithunzi cha bolodi ya inveta ya aneba awo, anakulitsa chithunzicho ndi zala kuti ndione kapasita imodzi yotupa pamwamba pake, akuti mukaona yatupa chonchi madamu ndiye kuti yafa, koma vuto silimakhala iyoyo yokha, pali chimene chinaipha, nde umayenera kutsata mzere wonse mpaka uchipeze. Anayankhula osapuma, munthu amene ndinkamudziwa ngati wa mawu awiri atatu. Nditamufunsa za akauntingi anati ntchito yake siisowa, ndalama zake ndi zabwino, umakhala mu ofesi. Mawu abwinobwino, koma ankamukhala ngati jekete ya mwini.

Katswiri wa za maganizo James Marcia mu 1966 anagawa achinyamata m'magulu anayi potengera zinthu ziwiri, ngati munthu wafufuza ndi ngati wasankha. Pali amene sanafufuze ndipo sanasankhe, pali amene akufufuzabe, pali amene anafufuza kenako nkusankha, ndiye pali amene anasankha osafufuza, anangotola zimene akuluakulu anena. Mnyamatayu anali m'gulu lomalizali. Gulu ili ndi lopusitsa chifukwa mwana amaoneka wokhazikika, makolo ali phee, aphunzitsi ali phee, vuto limadzatulukira ku koleji chaka chachiwiri pamene ndalama zapita kale.

Tinachitanso mafunso aja a John Holland, amene anayamba kufotokoza maganizo ake mu 1959, oti zokonda za anthu pa ntchito zimagwa m'mitundu isanu ndi umodzi: okonda zida ndi kugwira ndi manja, okonda kufufuza, okonda zaluso monga kujambula ndi nyimbo, okonda kuthandiza anthu, okonda kutsogolera ndi kugulitsa, ndi okonda dongosolo la mapepala ndi manambala. Iye anakwera kwambiri pa zida ndi kufufuza, pa mapepala anali pansi. Koma mafunso amenewa si mneneri, amangokupatsa poyambira kucheza. Nde sindinamuuze kuti akauntingi si yako. Ndikanatero ndikanangochotsa mawu a achemwali mkamwa mwake nkuikamo anga, pa kapepala kena akanadzalemba kuti "madamu akudziwa".

Chimene ndinachita ndi kumupatsa ntchito. Akapeze mndandanda wa maphunziro a chaka choyamba a akauntingi ndi a zamagetsi, asaone dzina la kozi lokha koma zimene zili mkatimo, achonge lililonse limene angaliwerenge popanda womukakamiza. Komanso akacheze ndi ophunzira a chaka chachitatu. A chaka choyamba amakhala adakali osangalala ndi geti la koleji, a ku ofesi yolandira ophunzira ntchito yawo ndi kudzadza makalasi, koma wa chaka chachitatu amakuuza lekichala amene samabwera, labu imene ilibe zida ndi kuchuluka kwa anzake amene anasiya panjira.

Atabwerako anafuna kulembera dipuloma ya zamagetsi pa koleji ina ya zaumisiri, koma mwakabisira. Apa ndinakana. Anali ndi zaka 17, ndipo ine sindingathandize mwana kubisira anthu amene akumulera. Ndinamuuza kuti kulembera si kuvomera malo, fomu siimanga munthu, koma kunyumba wina ayenera kudziwa. Anasankha kuuza amayi okha. Sizimene ndinkafuna kwenikweni koma amayi ndi kholo, ndinavomera.

Makalata afika

Mayeso anakhoza bwino, ndipo makalata anabwera atatu, osati awiri. Yoyamba ya yunivesite yaikulu yotchuka, kutali ndi kwawo, digiri ya akauntingi ya zaka zinayi. Yachiwiri ya koleji ya zaumisiri ija, dipuloma ya zamagetsi ya zaka zitatu. Yachitatu ine sindinkaidziwa, koleji yapulaiveti imene inkadzitsatsa kwambiri pa Facebook, digiri ya zamakompyuta, sikolashipu ya theka, ndipo mnzake wa pamtima ankapita komweko. Anawayala pa tebulo panga onse atatu nkunena kuti madamu mungondisankhira inu, chimene munene ndichita.

Anzanga, mawu amenewa amakoma kumva, umaona ngati mwana wakukhulupirira. Koma amene akakhale m'kalasi zaka zitatu kapena zinayi ndi iye, ndipo zikadzavuta ayenera kudzakhala ndi chifukwa chakechake chopiririra. Ndinamuuza kuti sindikusankhira koma sindikusiya wekha, tiyambe ndi zimene zili ndi yankho lodziwika, za mumtima tizipeza pambuyo. Ndimayamba chonchi dala, chifukwa palibe phindu kuti banja likangane mwezi wathunthu pa koleji imene ikanagwa yokha tikanangoimba foni imodzi.

Tinayamba ndi yapulaiveti. Pali zinthu ziwiri zimene mabanja ambiri amasokoneza, koleji kukhala yolembetsedwa ndi boma, ndi kozi kukhala yovomerezedwa ndi bungwe loona za maphunziro apamwamba. Koleji itha kukhala yolembetsedwa bwinobwino koma kozi ina mkatimo isanavomerezedwe. Tinatsegula mndandanda wa bungwelo pa intaneti, koleji inalipo, makozi ake ena analipo, ya zamakompyuta panalibe. Foni anaimba yekha, ine ndinangomulembera mafunso pa pepala, anaika pa sipika manja akunjenjemera. Anamuyankha kuti zili mkati. Atafunsa kuti zitha liti anati posachedwapa. Pa sikolashipu napo zinadziwika kuti ndi ya chaka choyamba chokha, kuti ipitirire pankafunika magiredi apamwamba kwambiri, apo ayi chaka chachiwiri fizi yonse. Atadula foni anakhala nthawi akuyang'ana kalata ija, kenako anati komatu ine makompyuta sindimawakonda kwenikweni madamu, ndimangoopa kupita kwinako ndekha. Kalatayo anaipinda yekha. Za mantha opita yekhazo ndinazilemba mu fayilo, ndipo zinadzabweranso.

Awiri otsalawo tinawerengera ndalama za zaka zonse, osati za teremu yoyamba imene imalembedwa pa kalata. Fizi, hositelo, thiransipoti, laputopu kapena zida, kukwera kwa fizi chaka ndi chaka, ndi loni ngati ingapezeke, kuti imayamba kubwezedwa liti. Yunivesite inatuluka yodula pafupifupi kawiri. Koma ndinamuchenjeza kuti asathamange ndi nambala imeneyi kwa achemwali ngati chida, iwowo manambala ndi ntchito yawo, anali atawerengera kale ndipo anali okonzeka kulipira.

Kukumana ndi achemwali

Apa ndi pamene nkhani inakhota. Achemwali nkhani ya dipuloma anali ataimva kwa amayi ndipo sanasangalale. Ndinapempha kuti ndikumane nawo okha kaye, mwana asakhalepo, chifukwa munthu wamkulu ukamutsutsa pamaso pa mng'ono wake amateteza ulemu wake osati maganizo ake. Anabwera nthawi yopuma ku ntchito atanyamula fayilo ya pulasitiki, mkatimo malisiti onse a fizi kuyambira teremu yoyamba ya sekondale, oikidwa motsatana, ena inki itafufutika. Sanawatulutse kuti andionetse, anangoika fayiloyo pa tebulo dzanja lili pamwamba pake. Anati madamu, ine sindinavutike zaka zonsezi kuti mwana azikakwera m'mapolo, yunivesite yamutenga, ena akulira kuti sanatengedwe, iye akufuna dipuloma.

Sindinatsutse. Ndipo kunena zoona mfundo zawo zinali ndi mutu. Ku akauntingi iwo akudziwa anthu, atachimenti akanamupezera, njira yonse akuidziwa. Pa dzina la yunivesite ndinawauza za kafukufuku wa Stacy Dale ndi Alan Krueger wa ku America, amene anatuluka mu 2002. Iwo anayerekeza ophunzira amene anatengedwa ndi makoleji ofanana koma ena nkupita kotchuka kwambiri ena kocheperako, ndipo anapeza kuti malipiro awo pambuyo pake sankasiyana kwenikweni, kusonyeza kuti chachikulu ndi mwanayo osati geti limene walowa. Koma kafukufuku yemweyo anapezanso kuti ana ochokera m'mabanja osauka ndi amene ankapindulako ndithu akapita kotchuka. Mbali yachiwiriyi inali kumbali ya achemwali, ndipo ndinawauza yonse. Tisamatenge theka la kafukufuku lokhalo lotikomera, makolo ena amakafufuza okha, akapeza kuti unabisa basi sadzakumveranso. Komanso ndi za dziko limodzi, ndipo ankayerekeza digiri ndi digiri, pomwe ife timayerekeza digiri ndi dipuloma.

Kenako ndinawafunsa kuti achemwali, zaka zisanu zikubwerazi mudzaone chiyani kuti munene kuti ndalama zanga sizinapite pachabe. Anaganiza nthawi yaitali. Anati ndidzaone akudzidalira, asamandipemphe, azithandizako amayi kuti nanenso ndipumeko ndiyambe zanga. Ndinawabwerezera mawu awo omwewo pang'onopang'ono, nkuwauza kuti pa zimene mwanenazi sindinamvepo akauntingi. Anaseka pang'ono, kuseka kosakondwa, nkuti mwandigwira. Pamenepo ndi pamene anaulula kuti iwonso akauntingi sinali kufuna kwawo, ankafuna uphunzitsi, koma bambo atamwalira panafunika ntchito ya ndalama msanga. Nde mumtima mwawo munali kuti ine ndinasiya zanga, bwanji iye asasiye zake. Sananene chonchi koma zinkamveka.

Titakumana tonse atatu ndinapempha kuti mwana ayambe kuyankhula ndipo asadulidwe. Ndinagwiritsa ntchito kafunso ka sikelo kochokera ku njira ya William Miller ndi Stephen Rollnick, imene inayambira pothandiza anthu ovutika ndi mowa m'zaka za m'ma 1980 koma imagwira bwino paliponse pamene munthu ali pawiri. Umamufunsa kuti kuyambira 0 mpaka 10 chinthu ichi ukuchifuna bwanji, akatchula nambala sumufunsa kuti bwanji siyokwera, umamufunsa kuti bwanji siyotsika, kuti atulutse yekha chimene chikumukoka. Zamagetsi anapereka 8. Akauntingi anapereka 4. Ndinati bwanji 4 osati 1. Anayang'ana pansi nkuti chifukwa achemwali asangalala, ndipo ndiwabwezera zimene anandichitira.

Achemwali anakwiya. Anati ndani anakuuza kuti ndinakukongoza, ukundiyesa banki ine. Anatenga fayilo yawo nkutuluka. Mwana anatsala akulira, ine ndinangomusiya alire kaye. Kukumana kumeneku sikunathe bwino, koma chinthu chimene chinkayendetsa nkhani yonse chinali chitanenedwa poyera, ndipo sindikuona kuti chikanatuluka mwanjira yofewa kuposa apa.

Amene anatsegulanso njira ndi amayi. Anaimba foni okha. Ife alangizi timakonda kuthamangira amene akulipira nkuiwala kholo limene lilibe ndalama, ngati kuti lilibenso maganizo. Iwo sanalowe za ndani akulondola, anangofunsa funso limodzi, kodi dipuloma imeneyi munthu angadzaipitirize nkukhala digiri. Akuti mkulu wakeyo chikumuwawa ndi choti m'bale wake atsalira pansi, mukamuonetsa kuti makwerero alipo afewa. Funso limenelo ndi limene linatipatsa zochita sabata yotsatira.

Zimene tinafufuza asanasankhe

Za kupitiriza ku digiri tinafunsa ku yunivesite imene imalandira a dipuloma imeneyi, anati amawalowetsa chaka chachitatu ngati akhoza bwino. Tinapempha kuti atilembere pa imelo, za pakamwa pa nkhani ngati iyi sizimathandiza, amene wakuuzayo mawa wasamuka. Tinaonanso kuti dipulomayo ikudziwika ndi bungwe la mainjiniya. Achemwali, amene tsopano ankayankhula kudzera pa WhatsApp mwachidulechidule, anafunsa ngati angadzagwire nayo ntchito kunja, nde ndinawafotokozera kuti pali mapangano a mayiko ovomerezana maphunziro a uinjiniya, Washington Accord ya 1989 ya madigiri a mainjiniya, Sydney Accord ya 2001 ndi Dublin Accord ya 2002 za magulu apansipo, koma amagwira pa mayiko okhawo amene analowa nawo, kwinako munthu amakayesedwa payekha.

Kanthu kena kamene timakaiwala ndi maso. Ntchito ya magetsi imadalira mitundu ya mawaya, ndipo pali anthu, ambiri mwa iwo amuna, amene sasiyanitsa bwino zofiira ndi zobiriwira koma sadziwa mpaka atakula. Anakayezedwa ndi timapepala tija ta madontho amitundumitundu tokhala ndi nambala mkati, timene anapanga dokotala wa ku Japan Shinobu Ishihara mu 1917. Zimatenga mphindi zochepa. Anapezeka kuti ali bwino.

Ndiye ndinapempha kuti akaone ntchito zonse ziwiri ndi maso, tsiku lathunthu uku, tsiku lathunthu uko, osati imodzi yokha imene akuikonda. Kwa amisiri a magetsi anabwerako wotopa, zala zili ndi mabala, akuti theka la tsiku anangokoka makebulo pa dzuwa ndipo bwana wake amakalipa, koma masana jenereta ina inakana kuyaka nde kufufuza kumene kwafa kunamukomera mpaka kuiwala kutopa. Ku ofesi ya achemwali anapita kumapeto kwa mwezi, nthawi yotseka mabuku. Apa zinandidabwitsa ngakhale ine. Anabwerako akuti sizoipa ngati mmene ndimaganizira madamu, panali nambala ina imene sinkagwirizana, kuitsata mpaka kuipeza kukufanana ndi kutsata waya. Pa sikelo akauntingi inakwera kufika 6, zamagetsi inatsika kufika 7. Mlangizi wofuna nkhani yake ioneke yokongola akanakhumudwa apa, koma ine ndinasangalala, chifukwa tsopano manambala onse awiri anali akeake, anachokera pa zimene waona.

Tinafunsanso ku yunivesite ya akauntingi ija ngati angamusungire malo chaka chimodzi. Anakana, akafuna adzalemberenso. Ndinaonetsetsa kuti wamvetsa kuti chitseko ichi akachitseka chatsekeka ndithu.

Anasankha zamagetsi. Chifukwa chimene anapereka chinali chakuti ntchito ya mu ofesi angaipirire koma ya magetsi angaifune ngakhale tsiku loipa. Achemwali sanati ndagwirizana nazo, anati chabwino koma tilembe. Nde analemba okha kapangano, iwo alipira fizi, iye alembere loni ndipo pa holide azigwira ganyu ya zamagetsi kuti azidzigulira zida, chaka chikatha akhale pansi aone magiredi, ndipo za digiri zisafe. Ndinapempha kuti awonjezere mzere umodzi woti kulephera phunziro limodzi si kutha kwa pangano. Anandiyang'ana kaye koma anaulemba.

Zimene zinachitika pambuyo pake

Pakati pa kuvomera malo ndi tsiku lotsegulira pamakhala miyezi imene ana ambiri amatayikira, sukulu yawasiya, koleji sinawalandire, fomu ya loni yadutsa tsiku, hositelo yadzadza. Tinalemba masiku onse omalizira pa pepala limodzi ndipo ndinkamukumbutsa pa foni. Loni anapeza ya mbali chabe. Hositelo sanalowe, banja linaona kuti apulumutse ndalama azikhala kwa achibale nkumayendera.

Semesita yoyamba inavuta. Chakumapeto kwake, mayeso ali mkati, anandiimbira usiku mawu akunjenjemera, akuti madamu achemwali ankanena zoona, ndinalakwitsa, masamu a kuno si aja, ndikufuna ndisiye. Apa pali msampha. Mwana akanena chonchi umafuna kuyamba kuteteza chisankho chija, kapena kuyambiranso nkhani yonse ya makoleji pa foni pomwepo. Zonse ziwiri sizithandiza. Ndinamuuza kuti zosiya tikambirana ndithu ndipo sindikutsekereza, koma osati sabata ya mayeso, tidikire zotsatira. Kenako ndinamufunsa kuti m'kalasi umakhala ndi ndani, umawerenga ndi ndani, lekichala wa masamu unayamba wapitako ku ofesi kwake. Mayankho onse anali palibe. Kalasi ikatha ankathamangira basi, anzake akamakumana madzulo kuwerenga iye ali panjira.

Vincent Tinto mu 1975 anafotokoza kuti wophunzira amakhalitsa pa koleji akalumikizika mbali ziwiri, ku maphunziro ndi kwa anthu, ndipo mbali imodzi ikaduka inayo imayamba kugwedera. Mnyamatayu kozi sanalakwitse, mapulakitiko ankakhoza kuposa anzake, chimene chinkamudya ndi chija ananena tsiku la foni ya pa sipika, kukhala yekha. Masamu analepheradi, anayenera kulemba sapu, mayeso obwereza. Chovuta chinali kuuza achemwali, nde tinayeserera limodzi mmene akanenere, osayamba ndi kupepesa kwambirimbiri koma kunena chimene chachitika, chifukwa chake ndi chimene akufuna kuchita. Achemwali mawu anayankhula ndithu, ena owawa, koma pamapeto anatulutsa kapangano kaja okha nkuwerenga mzere womaliza uja. Semesita yachiwiri anamulipirira hositelo. Analowa gulu lowerengera limodzi la anthu asanu, sapu anakhoza, ndipo kuchokera pamenepo sanalepherenso phunziro ngakhale masamu sanafike powakonda.

Mnzake uja anapitadi ku koleji yapulaiveti. Popeza nayenso anali mwana wathu, zimene tinapeza ndinauza banja lake, iwo anasankha kupitiriza. Kozi ija inadzavomerezedwa iye ali chaka chachiwiri, nde amene ankati zili mkati sananame. Mnyamata wathu atamva anandifunsa ngati tinaikana pachabe. Ndinamukumbutsa kuti tsiku lija palibe amene akanatitsimikizira, ndipo iye mwini ananena kuti makompyuta sawakonda. Sikolashipu ya mnzakeyo inathadi chaka choyamba, banja linavutika koma akulimbikira.

Pano mnyamatayu ali chaka chomaliza, ali pa atachimenti ku kampani yoika masola ndi kukonza majenereta, ndipo amuuza kuti akamaliza abwerenso adzakambirane. Za digiri zasokonekerako, yunivesite ija yasintha malamulo, tsopano a dipuloma akuwalowetsa chaka chachiwiri osati chachitatu, kutanthauza chaka china cha fizi chimene pa kapangano panalibe. Imelo ija anaisunga ndipo waitumiza ku ofesi yawo kupempha kuti amuganizire ndi malamulo akale, yankho silinabwere. Achemwali akuti digiri akufuna aione koma fizi yake ulendo uno agawana, ndipo nthawi zina akamuona wabwera ndi ovolosi yakuda amanenabe kuti bwenzi pano uli mu ofesi. Tagwirizana kuti tidzakumanenso zotsatira zomaliza zikatuluka, kuti tione ngati ayambe wagwira kaye ntchito chaka chimodzi kapena alembere digiri nthawi yomweyo.